Kawotchi ka Achimwene ndi Nsapato ya Alamu

Achimwene anga sadziwa nkhope za anthu, amadziwa nsapato. Mukawapatsa moni lero, mawa akudutsani ngati sanakuonenipo. Koma mukavula nsapato n'kuiika pabenchi pawo, akuuzani kuti munabwera chaka chatha nthawi ya mvula, kuti mumapondera kunja ndi phazi lamanzere, ndiponso kuti mwayamba kunenepa. Anthu a mumsewu mwathu amawatchula a Chidendene, moti dzina lawo lenileni ngakhale ine mlongo wawo ndimayamba ndaganiza kaye.

Akhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri pakhonde la sitolo yogulitsa penti, pakampando kakafupi kamene kanafika pokumbika molingana ndi mwiniwake. Kumanja chitini cha misomali, kumanzere ulusi, guluu ndi zidutswa za matayala akale, pakati pa miyendo chitsulo chokhomerapo. Tauni yonse inkayendera ntchito ya manja awo, iwo osayenda. Kuchoka kunyumba kukafika pakhondepo ndi pafupi moti mafuta ophikira akatha umathamangirako moto uli woyaka, koma iwo ankadikira minibasi. Tiyi wawo ankathira masupuni asanu ndi imodzi a shuga, kenako ina yachisanu ndi chiwiri imene ankati ndi yotsukira supuni. M'mawa mabanzi anayi, masana botolo la chakumwa chotsekemera, madzulo linanso, ati loyamba lija lisasungulumwe.

Ine ndili ndi kasaluni koluka tsitsi kumsika, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndinkawauza kuti mimba yawo imafika pantchito iwo akadali m'njira. Ankangoseka, msomali uli pamlomo.

Pokwatira alamu anga, amene amasita zovala kumalo ochapira, achimwene sanalonjeze nyumba yamalata kapena galimoto. Analonjeza chinthu chimodzi chokha, choti mkazi wawo sadzapondapo pansi ndi nsapato yobooka. Lamlungu lililonse m'mawa ankatola nsapato zonse za alamu, kuzitembenuza imodziimodzi, kuzigogoda ndi chala, ngati dokotala wopima ana.

Kenako Lachiwiri lina, nyengo yozizira, anakhoma misomali itatu pansapato ya mphunzitsi wina. Wachinayi anangouyang'ana. Anatseka bokosi la zipangizo, n'kubwerera kunyumba, kukagona atayang'ana kukhoma. Palibe anamwalira, palibe anawabera, ndi alamu sanakangane. Tinafunafuna chifukwa mpaka kutopa. Ine ndinawakalipira kuti ndi ulesi, ndipo mawu amenewo amandichititsa manyazi mpaka lero.

"Achimwene, chikuwawa n'chiyani kwenikweni?" ndinawafunsa.

"Palibe," anatero osatembenuka. "Kungoti chilichonse chili kutali."

Muyenera kudziwa matenda a banja lathu. Kwathu munthu akadwala timamuchitira zonse. Ukakhala ndi chimfine, wina amakuyetsemulira. Choncho chakudya chinayamba kupita kubedi, madzi osamba kubedi, wailesi kubedi, ndipo alendo akabwera kudzaona wodwala, bambo athu, okalamba a zaka 78 amene amakhala chipinda chakuseri, ankayankha m'malo mwawo kuti ali bwinoko.

Patatha miyezi itatu tinawanyamula pa takisi kupita kuchipatala. Adokotala anati ndi matenda okhumudwa, matenda enieni ngati ena onse, ndipo ali ndi mankhwala ake. Kenako anayeza magazi, anayeza kuthamanga kwake, n'kuzunguliza tepi pamimba. Tepiyo inaperewera, mpaka anakabwereka ina.

"Shuga wakwera, magazi akuthamanga, mafuta achuluka," anatero adokotala. "Matendawa amakokana. Kukhumudwa kumamugoneka munthu, kugona kumakweza shuga, shuga amamufooketsa, kufookako kumamukhumudwitsanso. Mapiritsi amene ndikupatseniwa athandiza maganizo, koma amawonjezera njala. Ndiye kuyenda ndi kadyedwe zikhale mbali ya mankhwala."

Anawavula nsapato n'kuyamba kuwabaya mapazi ndi kaulusi kolimba ka pulasitiki. Atafika pa chala chaching'ono cha kumanja, achimwene sanamve kanthu.

"Shugayu akapanda kutsika tidzayamba kudula," anatero adokotala. "Timayambira kuzala."

Alamu anagwira m'mphepete mwa mpando. Ine ndinachita mantha. Achimwene ankayang'ana nsapato za adokotala.

Chipinda chotsatira munali namwino wamfupi wokhala ndi cholembera chofiira kuseri kwa khutu. Anatipatsa pepala la zakudya, kenako anamanga kawotchi kakuda pamkono wa achimwene. Anati kamawerenga masitepe amene munthu waponda, ndipo pafunika 8,000 tsiku lililonse. Pobwera kuchipatala azikalumikiza ku kompyuta, bodza lonse lizionekera.

Sabata yoyamba kanawerenga masitepe 34 patsiku, kupita kuchimbudzi ndi kubwerera. Namwino anazunguliza nambalayo kawiri ndi cholembera chake, n'kuwafunsa pamaso pa odwala anzawo ngati phazi lawo lawatopetsa akufuna alichotse. Achimwene anabwerera kunyumba osayankhula masiku anayi, ngakhale banzi osaligwira.

Tsiku lachisanu m'mawa alamu anaima pambali pa bedi atavala kale zakuntchito.

"Mayi uja sadzakukalipiraninso," anatero. "Bweretsani mkonowo."

Achimwene anatambasula mkono osatsegula maso. Alamu anamasula kawotchi n'kukamanga pamkono pawo, ndipo tsiku limenelo anapita kuntchito wapansi.

Musaganize kuti tinakhala pansi n'kupangana zonama. Kwa ife sikunali kunama. Wodwala wafunika masitepe ngati mmene amafunikira phala, ndiye athanzi tikhale manja lende? Kuseri kwa kalendala tinalembako ndandanda. M'mawa alamu, masana bambo, Loweruka ine. Bambo ankazungulira thanki yamadzi ndi ndodo yawo, akuwerenga mokweza kuti aone ngati kachipangizoko sikakuwabera. Ine Loweruka loyamba ndinalibe nthawi yoyenda, makasitomala anali ndandanda, ndiye ndinangokavala n'kumaluka. Madzulo nditayang'ana ndinapeza masitepe 41,000. Kawotchiko sikasiyanitsa dzanja loluka ndi munthu woyenda. Sindinauze aliyense, ndipo kunyumba ndinalowa ndikutsimphina kuti andimvere chisoni.

"Loweruka munapita kuti?" namwino anafunsa achimwene ataona pakompyuta.

"Sindikukumbukira."

Namwino analemba kuti wodwala amayenda mpaka kuiwala kumene wapita, n'kuikapo nyenyezi.

Nkhani inamveka mumsewu, ndipo anthu amene a Chidendene anawasokera nsapato kwa zaka zambiri sakanangokhala. Wometa tsitsi anabwera kudzapempha Lachitatu. Mayi wogulitsa masamba anatenga Lolemba masana. Ena ankafika pakhomo, kupereka moni, kufunsa za wodwala, n'kunena kuti alibe chomubweretsera koma angapondeko zikwi ziwiri. Wina wochenjera anakakwera nako minibasi mumsewu wamaenje n'kubwera ndi 19,000, koma bambo anamuchotsa pandandanda.

"Ife si akuba," anatero bambo. "Masitepe a mwana wanga akhale oponda ndithu."

Ine ndinagwedeza mutu kuvomereza, maso ali pansi.

Pepala la zakudya nalonso tinalitsatira mwaulemu. Alamu ankaphika masamba opanda mafuta ambiri, nyemba, nsomba yowiritsa, tiyi wopanda shuga. Achimwene ankangoyang'ana mbale n'kutembenukira kukhoma. Kutaya chakudya n'kulakwa, ndiye tinkadya ife. Koma munthu sangagone ndi njala tikuona, makamaka wa mapiritsi owonjezera njala, choncho tinkawagulira mabanzi awo ndi botolo lawo. Akadya, mitima yathu inkakhala pansi. Chinali chinthu chokhacho chimene ankachilandira ndi manja awiri.

Pofika mwezi wachisanu, bambo anasiya ndodo, ankangoinyamula yolozera zinthu. Alamu anapanitsa masiketi awo onse. Wometa tsitsi anasiya kupuma mwaphuma akamameta. Msewu wonse unawala nkhope. Achimwene tinawagulira bedi lina chifukwa loyamba linathyoka mwendo.

Kuchipatala anapachika chithunzi chawo pakhoma, pamwamba pa sikelo, pansi pake atalembapo kuti katswiri woyenda. Anawapatsa satifiketi ndi tisheti imene inakanirira m'khosi. Odwala ena ankawalozerana. Mayi wina anandigwira dzanja n'kunena kuti mwamuna wake amangogona, bwenzi atatengerako chitsanzo kwa achimwene anga.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi adokotala anaika mapepala awiri patebulo, la masitepe ndi la magazi, n'kumayang'ana ili, kuyang'ana ilo. Anaitana ophunzira atatu ovala zoyera kuti adzaone zodabwitsa.

"Bambo awa amayenda kuposa wogulitsa malonda oyendayenda," anatero, "koma magazi awo akunena kuti ali gone. Sindinaonepo."

Ndinali pomwepo, ine wa pakamwa posachedwa. Ndinatsegula pakamwa, alamu ananditsina pantchafu, ndinatseka. Wophunzira wina anafunsa ngati awavule nsapato aone mapazi, koma pakhomo panali mzere wautali, ndipo namwino anati mapazi oyenda chonchi akanakhala ndi vuto akanadandaula kale. Adokotala anawonjezera jakisoni, n'kunena kuti mwina thupi lawo ndi losamva msanga. Masitepe akwere afike 15,000.

Apa anansi anayamba kuzemba. Wometa tsitsi anati ali ndi alendo. Bondo la bambo linatupa. Ine ndimaluka kwambiri Loweruka lokha. Katundu yense anagwera alamu, munthu woima pa simbi tsiku lathunthu. Ankanyamuka kusanatenthe n'kuzungulira njira yakufakitale, pobwerera kudzera kuseri kwa bwalo la mpira, akafika n'kupeza zaperewera ankazungulira thanki yamadzi mpaka zikwane. Nsapato zawo ankazisiya panja, kuseri kwa chitseko, ndipo ine ndinkaganiza kuti ndi chifukwa cha fumbi.

Lachitatu lina kunagwa mvula yamphamvu, alamu analowetsa nsapatozo n'kuziponya pansi pa mpando wa kuchipinda. Lachinayi m'mawa mapazi awo anali atatupa, ndiye ndinabwera kudzatenga kawotchi. Ndinakaponya m'chikwama, chikwamacho patebulo, n'kukhala m'khitchini ndi bambo ndi alamu, amene anali ataviika mapazi m'beseni. Tikumwa tiyi wathu wopanda shuga uja, tinamva bedi likulira. Kenako phazi, kenako lina.

Achimwene anaima pakhomo la khitchini atavala nsapato zawo, ndevu zili nyankhalala, m'manja muli nsapato ya alamu ya kumanzere. Inali itagwa chagada pansi pa mpando, molunjika maso a munthu wogona. Pakati pa soli panali bowo lokwana chitsekerero cha botolo, ndipo m'kati munali katoni ya sopo yopindidwa kanayi, yonyowa.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa. Mawu awo anali ngati chitseko chosatsegulidwa kalekale.

"Nsapato, bambo," anatero alamu.

"Soli iyi ndinaiika ndekha. Imatha zaka ziwiri." Analowetsa chala pabowopo, chinatulukira mbali ina. "Mwayenda pa katoni masiku angati?"

"Si ambiri."

"Masabata atatu," anatero iwo, akuyang'ana m'mphepete mwa bowolo. "Makiyi a bokosi ali kuti?"

Tonse atatu tinadzambatuka nthawi imodzi. Ine ndinati ndithamanga ndikatenge zipangizo. Alamu anati akhale, akatenga okha, uku madzi a m'beseni akutayikira pansi. Bambo anali atayamba kale kufunafuna chipewa.

"Misomalinso mundikhomera?" anafunsa achimwene.

Bambo anayang'ana mwana wawo, kenako ananyamula ndodo yawo yopanda ntchito ija n'kuipingasa pakhomo, kutsogolo kwa ine ndi alamu. Achimwene anatenga makiyi pamsomali n'kutuluka, nsapato ija ili m'manja.

Tinawatsatira patali, atatu, ngati alonda a bwana. Anapuma kanayi. Koyamba anatsamira mtengo wa magetsi, thukuta lili kamukamu. Kachiwiri anakhala pa sitepe ya wometa tsitsi, amene anatuluka ndi lumo m'manja n'kufunsa modandaula kuti kawotchi kali kuti, masitepe onsewa akutayika chabe. Ndi pamene ndinakumbukira chikwama changa patebulo. Ndinafuna kubwerera, bambo anandiloza ndi ndodo, ndinapitiriza kutsatira. Mtunda wa mafuta ophikira uja unawatengera mphindi makumi anayi.

Loko wa bokosi anali atachita dzimbiri, guluu atauma gwa, ndipo nsapato ya mphunzitsi inali momwemo ndi misomali yake itatu. Wa sitolo ya penti anatulutsa kampando kaja popanda kufunsa kanthu. Achimwene anadula chidutswa cha tayala, anasoka, anakhoma, anapala m'mphepete. Ntchito ya theka la ola inatenga maola awiri. Sanamwetulire, sanatiyang'ane, ndipo musamve ngati anachira pomwepo. Atamaliza anagwada movutikira n'kuwaveka alamu nsapatoyo, alamu akulira poyera pakhonde la penti.

Akugwada choncho ndi pamene alamu anaona kunyowa m'mbali mwa nsapato ya achimwene ya kumanja. Sinali mvula. Titawavula sokosi, chala chaching'ono chinali chitada, chili ndi bala lakale limene ulendowo unangolitsegula. Iwo analiyang'ana ngati phazi la kasitomala. Sankamva chilichonse.

M'mawa mwake kuchipatala, namwino analumikiza kawotchi tisanafotokoze zomwe tabwerera.

"Dzulo masitepe 12," anatero, akuchotsa cholembera kuseri kwa khutu. "Katswiri wathu wagona tsiku lonse. Mwayamba kubwerera m'mbuyo, bambo."

Pamenepo pakamwa panga panagwira ntchito yake. Ndinanena zonse, za ndandanda, za thanki, za masamba amene tinadya ife, za mabanzi. Ndinanena kuti pa miyezi yonseyi dzulo ndi tsiku lokhalo limene munthuyu anayenda. Namwino anaitana adokotala, ndinabwerezanso.

"Nonse?" anafunsa adokotala.

"Msewu wonse," anatero bambo monyadira pang'ono.

Adokotala anagwada n'kuyang'ana phazilo okha. Sabata yotsatira anadula chalacho. Anati tikanachedwa mwezi umodzi likanapita phazi lonse, ndipo tikananena zoona mwezi wachisanu ndi chimodzi uja mwina chikanapulumuka. Ndimadziwa bwino kuti chala chimenecho tinachidula ndife, ndi chikondi chathu chomwe, adokotala anangogwira mpeni. Zimandipweteka, ndipo ndikamaluka Loweruka nthawi zina ndimapezeka ndikumukoka kasitomala tsitsi mopitirira.

Chithunzi anachichotsa pakhoma, panatsala malo oyera amakona anayi pamwamba pa sikelo. Bala litapola, achimwene anadzisokera nsapato yokhala ndi kansalu kofewa pamalo a chalacho. Masiku ano amapita pakhonde wapansi n'kubwerera wapansi, masitepe 2,300, ndipo namwino amawazunguliza ndi zofiira mwezi uliwonse kuti ndi ochepa. Amakumana ndi mlangizi wa maganizo kawiri pamwezi, mapiritsi amamwa. Tiyi wafika pa masupuni awiri, ati akumwa madzi otsukira mbale. Shuga akutsika pang'onopang'ono, mwaulesi, ngati akuchita kumukakamiza. Nsapato ya mphunzitsi anaimaliza, koma mwiniwake anasamuka kalekale, ndiye ili pabenchi ikudikira.

Mwezi watha ndinapititsa nsapato zanga kuti andipakire polishi. Anazitembenuza, n'kuzigogoda ndi chala.

"Iwe," anatero, "masitepe 41,000 aja unayenda ndi chiyani? Soli iyi ikadali ndi zilembo za kufakitale."

Ndinawalanda nsapatozo. Iwo anaseka, msomali uli pamlomo, ndipo ndinazindikira kuti kuseka kumeneko ndinali ndisanakumve kwa chaka ndi theka.

Masiku oipa akadalipo. Amabwera osagogoda, awiri kapena atatu motsatizana, zinthu zonse zimabwereranso kutali, ndipo kawotchi kamalemba 34 yake yakale. Tinaphunzira kuyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, kuika mbale ya masamba n'kuisiya pomwepo, ndi kukauza adokotala nambala yeniyeni. Kwa anthu a mtundu wathu palibe ntchito yolemetsa ngati imeneyo. Bambo amachita kutuluka panja kukazungulira thanki kuti manja awo asachite zakale.

Lachiwiri lapitali linali tsiku lotero. Ndinapita m'mawa ndisanatsegule saluni, ndinapeza alamu ataima pambali pa bedi atavala zakuntchito, achimwene atayang'ana kukhoma. Atamva kuti mkazi wawo waima pamenepo, anatambasula mkono osatsegula maso, monga kale, kawotchi kali pamwamba. Alamu anauyang'ana mkonowo kwa kanthawi. Kenako anakhala pansi pabedi, anagwira dzanjalo ndi manja awo awiri, kawotchi n'kukasiya pomwe kanali.